Kuleka Mankhwala a Matenda Ovutika Maganizo Popanda Kulizunza Thupi

Mankhwala a matenda ovutika maganizo, amene achipatala amawatchula kuti ma antidepressant, amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, mwinanso zaka, ndipo nthawi yonseyo thupi limakhala likuwazolowera. Ikafika nthawi yoleka, makamaka munthu akaleka mwadzidzidzi, ena amayamba kumva zinthu zimene sanazimvepo ngakhale pamene matenda awo anali atafika povuta. Amachita chizungulire poimirira, amamva nseru, amasowa tulo, ndipo misozi imangobwera popanda chowakhumudwitsa. Zimenezi si zongoganizira ayi. Gwero lake m'thupi likudziwika, ndipo kawirikawiri zimapeweka kapena kuchepa mphamvu mankhwala akamachepetsedwa pang'onopang'ono.

Omwa mankhwalawa si odwala matenda ovutika maganizo okha. Madokotala amawaperekanso kwa anthu a nkhawa yopitirira muyezo, kwa amene amagwidwa ndi mantha aakulu mwadzidzidzi, ndi kwa amene anaona zoopsa zimene zikukana kuchoka m'maganizo. Amitriptyline, amene pamodzi ndi fluoxetine ndiwo amapezeka kwambiri m'zipatala za boma ku Malawi, amaperekedwanso kwa anthu amene mapazi amawatentha kapena kuchita dzanzi chifukwa cha matenda a shuga kapena HIV, kwa amene ululu wa mashingozi sukuwathera, ndiponso popewa mutu waching'alang'ala. Munthu wotere mwina sadziwa n'komwe kuti piritsi limene amamwa pogona lili m'gulu limeneli, koma nayenso thupi lake limalizolowera.

Vutoli si lachilendo. Mankhwala oyamba a m'gulu la amitriptyline, otchedwa imipramine, anadziwika mu 1957 chifukwa cha ntchito ya dokotala wa ku Switzerland, Roland Kuhn, ndipo sipanapite zaka zambiri madokotala asanayambe kulemba za anthu amene ankadwala akawaleka. Fluoxetine analoledwa ku America mu 1987 n'kutchuka ndi dzina la malonda lakuti Prozac, kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera sertraline, paroxetine ndi venlafaxine. Kwa nthawi yaitali malangizo a madokotala ankati zovuta za poleka mankhwalawa n'zazing'ono ndipo zimatha zokha pa mlungu umodzi kapena iwiri. Kwa ambiri zimaterodi. Koma panali ena amene ankavutika miyezi, ndipo akadandaula ankauzidwa kuti matenda awo abwerera, n'kupatsidwanso mankhwala omwewo. Mu 2019 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku Britain, la Royal College of Psychiatrists, linavomera poyera kuti kwa anthu ena zovutazi zimakula ndi kukhalitsa, ndipo chaka chomwecho bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala ku England, linasintha malangizo ake. Kuvomeraku kunachedwa, ndipo kunadza odwala eniake atadandaula kwa zaka osatopa.

Chimene chimachitika m'thupi

Maselo a mu ubongo amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timadzi tapadera, ndipo serotonin ali m'gulu la timadzi timeneti. Selo likatulutsa serotonin n'kupereka uthenga, limamuyamwanso kudzera m'timakomo ting'onoting'ono. Fluoxetine, sertraline, citalopram ndi paroxetine amatseka timakomo tambiri totere, motero serotonin amakhalitsa pakati pa maselo. Ubongo nawo sungokhala. Pakamapita milungu umasintha kalandiridwe kake ka serotonin kuti ugwirizane ndi mmene zinthu zilili tsopano. Ndiye mankhwala akalekedwa amachoka m'magazi m'masiku ochepa, pomwe ubongo umafuna milungu kapena miyezi kuti usinthenso. Zizindikiro zimabadwa mu mpata umenewu. Serotonin wambiri wa m'thupi, pafupifupi magawo 90 pa 100, ali m'matumbo, choncho n'zosadabwitsa kuti m'mimba namonso mumasokonezeka.

Amitriptyline ali ndi mbali ina. Amaletsanso timadzi totchedwa acetylcholine, n'chifukwa chake omumwa amauma kukamwa ndi kudzimbidwa. Akalekedwa mwadzidzidzi zinthu zimatembenuka: thukuta limachuluka, m'mimba mumapotokola kapena kutsekula, ena amasanza, ndipo tulo timene mankhwalawo ankabweretsa timasowa.

Anthu ambiri akamva zimenezi amaopa kuti mankhwalawa ali ngati mowa, fodya kapena chamba. Kusiyana kulipo. Womwa ma antidepressant sachita nawo chibaba, saledzera nawo, ndipo salakalaka kuwonjezera mlingo kuti asangalale. Chimene chimachitika ndi kuzolowera kwa thupi, monga zimachitikiranso ndi mankhwala ena a mtima amene salekedwa mwadzidzidzi. Komabe kusiyanaku kusakhale chifukwa chopeputsira amene akuvutika, pakuti chizungulire chake n'chenicheni ngakhale chibaba palibe.

Zizindikiro zake

Kawirikawiri zizindikiro zimayamba pakapita masiku awiri mpaka anayi munthu ataleka kapena atachepetsa mlingo, ngakhale kuti ndi mankhwala ena kudumpha tsiku limodzi lokha kumakwanira. Chofala kwambiri ndi chizungulire, chimene chimakula munthu akadzuka mothamanga kapena akatembenuza mutu. Ena amamva ngati chimfine chawagwira: kuphwanya m'thupi, mutu, kuzizidwa, thukuta ndi kufooka. Kumadera a malungo izi zimasokoneza, chifukwa aliyense amayamba waganiza za malungo. Kuyezetsa n'koyenera ndithu, pakuti malungo sachedwa kupha, koma woyeza ayenera kuuzidwa kuti pali mankhwala amene munthuyo waleka posachedwa. Mawu amenewa akapanda kunenedwa, wodwala amatha kuzungulira zipatala ndi kugula mankhwala amene sakuwafunikira, yankho lili m'buku lake la kuchipatala.

Pali chizindikiro china chimene chimaopsa chifukwa n'chovuta kuchifotokoza. Munthu amamva ngati shoko ya magetsi yadutsa m'mutu kwa kamphindi, nthawi zina n'kutsikira m'khosi ndi m'mikono, makamaka akayendetsa maso mofulumira kuyang'ana kumbali. Shokoyi imatha kubwera kangapo pa tsiku, mwinanso kambirimbiri. Amene sanachenjezedwe amaganiza za sitiroko, khunyu kapena chotupa mu ubongo, ndipo ena amafika pokhulupirira kuti alodzedwa. Palibe umboni wakuti imawononga ubongo, ndipo imaleka thupi likakhazikika. Ena amamva kulira m'makutu, kunyerenyetsa pakhungu kapena kunjenjemera manja.

Zizindikiro za m'maganizo ndizo zimavutitsa banja lonse. Munthu wofatsa amayamba kupsa mtima ndi zazing'ono, amalira, amachita mantha osadziwa chimene akuopa, amaiwalaiwala, ndipo usiku amalota maloto oopsa ooneka ngati enieni. Ochepa amafika polephera kukhazikika: sakhala pansi, amangoyendayenda, mumtima muli chipwirikiti chosaneneka. Chizindikiro chimenechi n'choopsa chifukwa chimatha kubweretsa maganizo ofuna kudzipha, ndipo wochiona ayenera kufika kuchipatala msanga.

Pa funso lakuti amavutika ndi anthu angati, ofufuza sanamvanebe. Mu 2019 James Davies ndi John Read anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti anthu 56 pa 100 alionse oleka mankhwalawa amaona zizindikiro, ndipo pafupifupi theka la amenewa amati zinali zazikulu. Otsutsa anati zina mwa ziwerengerozo zinachokera kwa anthu amene anadzipereka okha kuyankha mafunso pa intaneti, ndipo odzipereka chotere nthawi zambiri amakhala amene anavutika. Mu 2024 ofufuza a ku Germany anafalitsa m'magazini ya Lancet Psychiatry zimene anapeza ataphatikiza kafukufuku 79 wokhudza anthu oposa 21,000. Anthu 31 pa 100 anaona zizindikiro ataleka mankhwala enieni, koma 17 pa 100 anazionanso ataleka mapiritsi opanda mankhwala alionse. Atachotsera, anati munthu mmodzi pa 6 kapena 7 alionse amavutika chifukwa cha mankhwala enieniwo, ndipo mmodzi pa 35 amavutika kwambiri. Nawonso anatsutsidwa, poti ambiri mwa anthu a m'kafukufukuyo anamwa mankhwala kwa milungu kapena miyezi yochepa chabe, pomwe ovutikitsitsa amakhala amene amwa zaka. Mbali zonse zikuvomereza kuti ambiri amaleka bwinobwino ndiponso kuti alipo ena amene amazunzika koopsa. Ku England kokha anthu akuluakulu okwana 7.3 miliyoni analandira mankhwalawa m'chaka cha 2017 mpaka 2018, choncho ngakhale mmodzi pa 35 ndi khamu la anthu.

Chiopsezo chimakula munthu akamwa mankhwala nthawi yaitali, akamwa mlingo waukulu, kapena ngati anavutikapo kale atadumphitsa masiku. Mtundu wa mankhwala nawonso uli ndi mbali yaikulu, ndipo nkhani yagona pa liwiro limene amachokera m'magazi. Theka la venlafaxine limachoka m'maola pafupifupi 5, la paroxetine pafupifupi tsiku limodzi, ndipo awiriwa ndiwo amadziwika ndi kuvutitsa. Theka la fluoxetine limatenga masiku 4 mpaka 6, ndipo mankhwala ena amene thupi limapanga kuchokera kwa iye amakhalitsa kuposa pamenepo. Fluoxetine amachita kuchepa yekha pang'onopang'ono, motero zizindikiro zake zimakhala zocheperapo, koma zimatha kubwera mochedwa, patapita milungu, munthu ataiwala kale zoti analeka mankhwala.

Kodi ndi matenda abwerera?

Funso limeneli ndi limene limasautsa wodwala ndi dokotala yemwe, chifukwa nkhawa, kulira ndi kusowa tulo zimapezeka mbali zonse. Kulakwitsa kuli ndi mtengo wake kulikonse. Zovuta za poleka mankhwala zikatengedwa ngati matenda obwerera, munthu amapitiriza kumwa kwa zaka mankhwala amene sakuwafunikiranso, ndipo amayamba kudziona ngati wosachiritsika. Matenda obwerera akatengedwa ngati zovuta zongodutsa, munthu amasiyidwa akumira.

Choyamba chimene chimathandiza kusiyanitsa ndi nthawi. Zovuta za poleka zimabwera m'masiku ochepa mlingo utatsika, pomwe matenda enieni amabwerera mwakachetechete pakapita milungu kapena miyezi. Chachiwiri ndi mtundu wa zizindikiro. Chizungulire, nseru ndi shoko ya m'mutu si mbali ya matenda ovutika maganizo, ndiye zikabwera limodzi ndi kulirako zikuloza ku mankhwala. Wodwala yekha nthawi zambiri amadziwa kuti zimene akumvazi si zija ankamva poyamba, ndipo mawu ake ayenera kumvedwa. Zovuta za poleka zimakondanso kubwera n'kupita, lero zakula mawa zaphwa, pomwe matenda obwerera amangokulirakulira. Chomaliza ndi zimene zimachitika munthu akabwerera pa mlingo wakale: zovuta za poleka zimatha m'masiku ochepa, koma matenda enieni amafuna milungu ingapo kuti mankhwala ayambenso kuthandiza.

Kubwerera kwa matenda si nkhani yopeputsa. Kafukufuku wotchedwa ANTLER, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anatsatira anthu 478 a ku England amene anali atamwa mankhwala nthawi yaitali ndipo ankadzimva kuti ali bwino moti angathe kuleka. Pakutha kwa chaka, matenda anabwerera kwa 56 pa 100 mwa amene analeka ndi kwa 39 pa 100 mwa amene anapitiriza. Ziwerengerozi zikuonetsa kuti mankhwala amateteza ndithu, komanso kuti anthu oposa 4 pa 10 alionse analeka n'kutha chaka ali bwino. Ena kupitiriza kumwa ndiye nzeru, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Nthawi yoleka ndi kachepetsedwe kake

Cholakwika chofala ndi kuleka munthu akangoyamba kupeza bwino. Malangizo a bungwe la WHO otchedwa mhGAP, olembedwera achipatala amene si akatswiri a matenda a maganizo, mu 2016 ankati munthu apitirize kumwa kwa miyezi 9 mpaka 12 zizindikiro za matenda zitatha. Ku England amati miyezi yosachepera 6, ndipo amene matendawa anawabwererapo kangapo amalangizidwa kupitiriza kwa zaka ziwiri kapena kuposa. Nyengo yoyambira kuchepetsa nayo iyenera kusankhidwa. Nthawi ya mayeso, ya maliro a wachibale, ya kusamuka kapena ya mkangano wa m'banja si yabwino. Pali nthawi zochepa zimene dokotala amaletsa mankhwala mofulumira chifukwa ayambitsa vuto lalikulu, koma chimenecho ndi chigamulo cha dokotala amene akumuona wodwalayo pafupipafupi.

Kale ankati milungu inayi yochepetsa imakwanira aliyense. Lero milungu inayi imaonedwa ngati poyambira chabe, yoyenera amene amwa nthawi yochepa. Chimene chinasintha maganizo a ambiri ndi zimene Mark Horowitz ndi David Taylor a ku London anafotokoza mu 2019 pogwiritsa ntchito zithunzi zounika ubongo. Mphamvu ya mankhwalawa siyendera limodzi ndi kuchuluka kwa mamiligalamu. Citalopram wa 40mg amatseka timakomo ta serotonin pafupifupi 86 pa 100, wa 20mg amatseka pafupifupi 80, ndipo wa 5mg yekha amatsekabe pafupifupi 60. Kutsika kuchoka pa 40mg kufika pa 20mg ubongo sukumva kwenikweni, koma kuchoka pa 5mg kufika posamwa n'komwe ndi phompho. Zili ngati makandulo khumi oyaka m'chipinda usiku: kuzimitsa loyamba kapena lachiwiri palibe amazindikira, koma lomaliza likazima chipinda chonse chimada. N'chifukwa chake anthu ambiri amayenda bwino poyamba n'kudzagwa kumapeto, pa kachidutswa kamene ankakaona ngati kopanda ntchito.

Choncho njira yabwino ndi yakuti muyezo wochotsawo uzicheperachepera pamene mlingo ukutsika. Amene wamwa milungu yochepa angathe kuchepetsa ndi theka pa milungu iwiri kapena inayi iliyonse. Amene wamwa nthawi yaitali amachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo umene ali nawo panthawiyo, osati umene anayamba nawo, monga kuchoka pa 20mg kupita pa 15, kenako 11, kenako 8, mpaka pansi. Amene anavutikapo kale, kapena amene akumwa paroxetine kapena venlafaxine, angafunike kuchotsa gawo limodzi mwa magawo khumi okha, ndipo ulendo wawo umatha miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka. Akatsika kamodzi munthu amadikira milungu iwiri kapena inayi kuti aone mmene thupi layankhira. Zizindikiro zikakhala zopiririka amakhala pomwepo mpaka zitaphwa. Zikakula amabwerera pa mlingo umene anali nawo bwino, n'kudzayambiranso ndi muyezo wocheperapo. Kubwerera kotere si kulephera. Kuthamanga si kufika.

Vuto limakhala kupeza milingo ing'onoing'onoyo. Ku Britain mankhwala ambiri otere amapezekanso amadzi, oyezedwa ndi sirinji, ndipo ku Netherlands kuyambira mu 2013 kuli timapaketi tokonzedweratu timene mlingo wake umatsika tsiku ndi tsiku. Kumene zoterezi kulibe, mapiritsi ena amatha kudulidwa pakati kapena panayi, koma wa ku famase kapena dokotala ndiye anene ngati mtundu umenewo ukuloledwa kudulidwa. Mapiritsi ndi makapisozi opangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'mimba, monga mitundu ina ya venlafaxine, saphwanyidwa kapena kutafunidwa. Kumwa modumphitsa masiku kumaoneka ngati njira yapafupi, koma ndi mankhwala ochoka msanga m'magazi kumangolikweza ndi kulitsitsa thupi, n'kubweretsa zizindikiro zomwe zija. Fluoxetine yekha ndiye amalola kudumphitsa masiku chifukwa chokhalitsa m'magazi, ndipo nthawi zina dokotala amayamba wamusamutsira wodwala pa fluoxetine kuti kuleka kuphweke.

Kupirira masiku ovuta

Ngakhale kachepetsedwe kakhale kabwino, masiku ena amavutabe. Chimene chimachepetsa mantha kwambiri ndi kudziwiratu. Munthu amene anauzidwa kuti chizungulire ndi shoko zingabwere ndipo zidzatha savutika mofanana ndi amene zamudzidzimutsa pakati pa usiku. N'kothandiza kulemba m'kope tsiku limene mlingo unatsika, zimene zinamveka ndi kukula kwake. Pakapita milungu kopelo limaonetsa kuti zizindikiro zimabwera tsiku lachingati ndi kuphwa tsiku lachingati, ndipo limampatsa dokotala chinthu chogwirika choweruzira.

Wachizungulire azidzuka pang'onopang'ono, kuyamba wakhala pamphepete pa bedi kapena pamphasa asanaimirire. Masiku amene chakula asayendetse galimoto, njinga yamoto kapena ya kabaza, asakwere padenga kapena mumtengo, ndipo asamale pafupi ndi moto ndi pachitsime. Nseru imachepa munthu akamadya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, zakudya zopepuka monga phala, ndi kumwa madzi okwanira, makamaka ngati akutsekula kapena kutuluka thukuta. Panado amathandiza mutu ndi kuphwanya kwa thupi. Pa nkhani ya tulo, kugona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kupewa tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu madzulo, ndi kuika foni patali pogona kumathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Kuyenda pansi tsiku ndi tsiku kapena kugwira ntchito yopepuka ya kudimba kumatsitsa nkhawa ndi kuitana tulo.

Pali zinthu zimene zimaoneka ngati zikuthandiza koma zikukulitsa vuto. Mowa ndi chamba zimaziziritsa nkhawa kwa maola ochepa n'kuibweza itakula, ndipo mowa umawononga tulo ndi kuwonjezera chizungulire. Diazepam ndi mapiritsi ena ogonetsa, akamwedwa popanda dokotala, amazolowereka m'milungu yochepa, ndipo kuwaleka n'kovuta kwambiri. Tramadol nayenso amakhudza serotonin, choncho kumuphatikiza ndi mankhwalawa kungachititse kutentha thupi, kunjenjemera, kusokonezeka mutu ngakhale kukomoka. Mankhwala azitsamba otchedwa St John's wort, amene amagulitsidwa m'masitolo ku South Africa ndi ku Britain, ali ndi vuto lomweli ndipo amafooketsanso mphamvu ya ma ARV ndi mapiritsi olera.

Munthu asachepetse mankhwala mobisa. Pakhale mmodzi wapafupi, kaya mwamuna, mkazi, mchemwali kapena mnzake wodalirika, amene akudziwa zimene zikuchitika. Iye ndiye amayamba kuona kusintha kumene wodwala sangadzione yekha, ndipo akadziwa kuti kupsa mtimako kwadza ndi mankhwala sakusunga kukhosi. Abale nawo aleke kumufunsa wodwala kuti mapiritsiwo amaliza liti. Mawu otere, ngakhale anenedwe mwachikondi, amamukankhira munthu kuleka tsiku limodzi. Chimodzimodzinso kumapemphero: pemphero limalimbitsa odwala ambiri, koma mtsogoleri wouza munthu kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro akumuika pangozi, ndipo zizindikiro zikabwera patapita masiku atatu wodwalayo amadziimba mlandu wopanda pake wakuti chikhulupiriro chake n'chochepa.

Uphungu wochokera kwa anthu ophunzitsidwa umateteza ku kubwerera kwa matenda. Pa kafukufuku wa ku England wotchedwa PREVENT, wofalitsidwa mu 2015, anthu amene anaphunzitsidwa pagulu kuzindikira msanga maganizo owagwetsa ndi kusatengeka nawo, uku akuthandizidwa kuchepetsa mankhwala, anafanana ndi amene anangopitiriza kumwa: pa zaka ziwiri matenda anabwerera kwa 44 pa 100 a gulu loyamba ndi 47 pa 100 a gulu lachiwiri. Ku Malawi thandizo la akatswiri limapezeka ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndiponso kwa anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za m'maboma.

Kuleka kosafuna

Si onse amaleka mwa kufuna kwawo. Mankhwala amatha kuchipatala, ndalama yoyendera imasowa, kapena munthu amapita kumaliro kumudzi n'kukhalako mlungu mapiritsi atatsala kunyumba. Kuleka kotere ndiko koipitsitsa chifukwa kumakhala kwadzidzidzi. Womwa mankhwalawa azipita kukatenga ena akadali ndi a mlungu wathunthu, azinyamula okwanira paulendo, ndipo adziwe dzina ndi mlingo wa mankhwala ake kuti athe kuwafunsa kwina. Akauzidwa kuti mankhwala atha, asangotembenuka n'kumapita. Afunse kuonana ndi dokotala kapena namwino, amene angamuuze kogula, kumusinthira mtundu wina, kapena kumulangiza kagawidwe ka mapiritsi otsalawo kuti asathe mwadzidzidzi. Kubwereka mapiritsi a mnansi chifukwa akufanana maonekedwe n'koopsa. Achipatala nawonso ali ndi udindo wake: tsiku limene akumuyambitsa munthu mankhwalawa ndi lomwe ayenera kumuuza kuti salekedwa mwadzidzidzi.

Amayi ambiri amaleka tsiku lomwe azindikira kuti ali ndi pakati, poopa kuvulaza mwana. Mantha awo n'ngomveka, koma kuleka mwadzidzidzi kungabweretse zizindikiro zazikulu ndi kubweza matenda panthawi imene mayi akufunika mphamvu, ndipo matenda ovutika maganizo osachiritsidwa nawonso amavulaza mayi ndi mwana. Mankhwala ena, monga paroxetine, madokotala amakonda kuwapewa kwa oyembekezera, pomwe ena amapitirizidwa. Ana ena obadwa kwa amayi amene amwa mpaka kumapeto kwa pakati amakhala osakhazikika, onjenjemera kapena ovuta kuyamwa kwa masiku ochepa, n'chifukwa chake azamba ayenera kudziwitsidwa. Chigamulo chichitike kusikelo, mayi ndi dokotala atakambirana.

Mapiritsi otsala asasungidwe m'nyumba. Amitriptyline makamaka amasokoneza kagundidwe ka mtima akamwedwa wambiri, ndipo mapiritsi ochepa okha angaphe mwana wamng'ono. Abwezedwe kuchipatala kapena ku famase.

Zizindikiro zambiri zimalola munthu kudikira tsiku lake lokaonana ndi dokotala, koma zina sizidikira. Maganizo ofuna kudzipha kapena kuvulaza ena, kulephereratu kukhazikika, kutha masiku osagona munthu ali ndi mphamvu zodabwitsa ndi kulankhula kosalekeza, kuona kapena kumva zinthu zimene kulibe, kukomoka, kusanza kosaleka ndi kupweteka pachifuwa, zonsezi n'zofunika chipatala tsiku lomwelo. Wodwala wotere asasiyidwe yekha, ndipo womuperekeza atenge buku la kuchipatala ndi mapiritsi onse otsala, kuti dokotala aone dzina la mankhwala, mlingo wake ndi tsiku limene analekedwa.